Wotchi ya Pamkono ndi Anthu Oyenda Pansi: Mmene Mungachenjezere Anthu Pothamanga Kapena Popalasa Njinga

Mawotchi owerenga mapazi ndi kugunda kwa mtima afika ponseponse tsopano, ngakhale kuno ku chigawo cha Tete, ku Mozambique. Mupeza mphunzitsi ku Ulongwe atavala, wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize atavala, ngakhale anyamata ena a kabaza ali nawo. Ambiri akangoigula amafunsa kuti kodi ingalire ngati belu kuti anthu awapatse njira. Ingathe pang'ono, koma si pamene pali mphamvu yake. Wotchi imathandiza kwambiri pokuchenjezani inuyo, kuti inuyo muchenjeze anthu nthawi ikadalipo. Malangizo ali m'munsiwa atsamira pamenepo.

Yambani ndi kudziwa chimene mwavala

Zipangizozi zili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la tizibangili monga Xiaomi Smart Band ndi Huawei Band. Iti timangonjenjemera pamkono, sipika tilibe, choncho palibe munthu wina amene angatimve. Gulu lachiwiri ndi la mawotchi okhala ndi kasipika kapena kolira kuti pii-pii: Apple Watch, Samsung Galaxy Watch, ma Garmin ambiri, ma Amazfit ena, ndi mawotchi opanda dzina lodziwika amene amagulitsidwa m'misika. Kasipika kameneka anakapangira khutu la mwini wake, osati la munthu amene ali patsogolo. Gulu lachitatu ndi la timakompyuta tomangirira pa chiwongolero cha njinga. Garmin Edge 1050 ndi Wahoo Elemnt Ace, zomwe zinatuluka mu 2024, zili ndi belu lamagetsi lenileni lomwe mumaliza pogunda chala pagalasi. Mtengo wake umaposa wa njinga zambiri zomwe zimayenda m'misewu yathu, ndiye sindikhalitsapo.

Musakhulupirire zolembedwa pabokosi. Tengani mnzanu, mupite naye m'mbali mwa msewu umene mumadutsa, pa ola lomwe mumadutsa. Iye ayime akupatseni msana. Lizani wotchi muli mapazi 5 kumbuyo kwake, kenako 10, kenako 20, ndipo akweze dzanja pokhapo pamene wamvadi. Phokoso limachepa ndi madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 6 nthawi iliyonse mtunda ukawirikiza kawiri, ndiye mukaphatikiza mphepo, chigayo, wailesi ya pa golosale ndi injini ya chapa (minibasi), kulira kwa wotchi kumathera pafupi kwambiri. Mukatero mudziwa nokha ngati mungaidalire.

Amene ali ndi Apple Watch Ultra adziwe kuti sayirini yake, ya madesibelo 86 imene kampaniyo imati imamveka mpaka mamita 180, ndi yoitanira chithandizo munthu akavulala kapena akasochera. Si yopemphera njira. Mukailiza kumbuyo kwa agogo, adzidzimuka n'kudumphira kumene inu mukudzera.

Werengani mtunda musanatuluke pakhomo

Apa ndiye pagona nkhani. Anthu ambiri amachenjeza mochedwa, osati chifukwa cha mwano, koma chifukwa sadziwa kuti njinga imadya mtunda wotani pa sekondi imodzi. Wotchi yanu imakuuzani liwiro, ndiye ligwiritseni ntchito.

Pa makilomita 20 pa ola, njinga imayenda mamita 5 ndi theka pa sekondi iliyonse. Pa makilomita 30 pa ola, lomwe ndi liwiro losavuta kufika pa mitsetse ya ku Tsangano kapena potsika ku Songo, imayenda mamita opitirira 8. Munthu woyenda pansi amafunika amve, azindikire kuti phokosolo likuchokera kuti, acheuke, asankhe mbali, kenako asunthe. Mumupatse masekondi 5. Ndiye kuti pa makilomita 20 pa ola muyenera kuliza belu mukadali mamita pafupifupi 28 kumbuyo kwake, ndipo pa 30 mukadali mamita opitirira 40. Kupatula sayirini ija, palibe wotchi ya pamkono imene ingamveke pa mtunda umenewo pamsewu wa phokoso. Belu lachitsulo labwino lingamveke, pakamwa panu pangamveke, koma chodalirika kwambiri ndi mabuleki.

Wothamanga zake n'zopepukirako. Ngati mukuthamanga makilomita 10 pa ola ndipo amene ali patsogolo akuyenda makilomita 5 pa ola kulowera komwe inu mukupita, mumamuyandikira ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka pa sekondi. Kumuchenjeza muli mapazi 10 kumbuyo n'kokwanira. Vuto la wothamanga ndi lina: nsapato zamakono sizimveka pa dothi, ndipo munthu amene watulukira phee kumbuyo kwa mayi mbandakucha, akupuma mwawefuwefu, amaopsa kuposa njinga. Choncho wothamanga amachenjeza osati kuopa kugunda kokha ayi, komanso kuti asaoneke ngati wachifwamba.

Kuti maso azolowere, pezani malo oongoka, muyeze mapazi aatali 30, muike mwala, mubwerere poyambira n'kuyang'ana. Anthu ambiri amadabwa kutalika kwake.

Ikani chenjezo la liwiro

Mawotchi ambiri okhala ndi GPS (yodziwira pamene muli kudzera pa setilaiti) amalola kuti muike malire a liwiro, ndipo mukapyola amanjenjemera. Tsegulani masewera opalasa njinga pa wotchi, lowani m'zokonzera zake, pezani pamene alemba Alerts, kapena Alertas ngati wotchi yanu ili m'Chipwitikizi, musankhe liwiro, muike malire apamwamba. Ngati njira yanu imadutsa m'tauni, pa sukulu kapena pamsika, ine ndingati ikani 15 kapena 18. Ngati ndi msewu wa kumudzi wa anthu apo ndi apo, 25 si yoipa. Wotchi ikanjenjemera musaiyang'ane. Dzutsani mutu, muone amene ali kutsogolo, zala zikhale pa mabuleki.

Dziwani kuti liwiro la GPS limachedwa masekondi angapo, ndipo pansi pa mitengo yowirira kapena pakati pa nyumba zazitali limasokonekera. Chenjezolo likamafika ndiye kuti munapyola kale. N'chifukwa chake malire ayenera kukhala otsikirapo kuposa liwiro lomwe mukuliona ngati loopsa.

Mukadali m'zokonzeramo, zimitsani mauthenga. WhatsApp, Facebook, M-Pesa ndi e-Mola zonse zimanjenjemeretsa mkono mofanana ndi chenjezo la liwiro, ndipo mukazolowera kunjenjemera kosatha mudzasiya kulabadira. Choipa china n'chakuti mudzafuna kuwerenga. Masekondi 2 oyang'ana pamkono pa makilomita 20 pa ola ndi mamita 11 amene mwayenda osaona kutsogolo. Siyani chenjezo limodzi kapena awiri basi: la liwiro, ndi la kugunda kwa mtima ngati mumalifuna.

Kupanga belu ndi foni

Kwa amene akufunabe kuti chipangizo chizilira, pali njira ziwiri, ndipo zonse zimadalira Bluetooth, osati intaneti, choncho sizidya bandulo.

Yoyamba ndi batani lofufuzira foni, lija limalembedwa Find Phone. Pafupifupi wotchi iliyonse ili nalo, ngakhale tizibangili topanda sipika tija. Mukalidina foni imalira mokweza, nthawi zambiri ngakhale munaiika pa sayilenti. Foni ikhale m'kachikwama ka pamkono kapena ka m'chiuno, sipika itayang'ana kutsogolo, osati m'thumba la kumbuyo. Lisunthireni batanili patsamba loyamba la wotchi kuti musamalisakesake. Kuipa kwake n'kwakuti pa mafoni ena imalirabe mpaka mutaizimitsa, komanso kaliridwe kake anthu sakadziwa. Munthu akamva foni ikulira kumbuyo amapisa dzanja m'thumba mwake, sapatuka.

Yachiwiri ndiyo yabwinoko. Jambulani kulira kwa belu la njinga ndi foni yanu, kawiri kapena katatu motsatizana, mudule chete wa kumayambiriro kuti lizilira mukangodina. Ikani kafayiloko pakokha mu pulogalamu yoimbira nyimbo, mulumikize kasipika ka Bluetooth kakang'ono kokoleka pa lamba, kenako muziliza kuchokera pa batani la nyimbo la pa wotchi. Kulira kwa belu aliyense amakudziwa, kuyambira mwana mpaka agogo.

Zinthu zitatu zimaononga njira zimenezi. Mafoni ambiri, makamaka a Tecno ndi Itel, amatseka mapulogalamu amene akugwira ntchito mobisika pofuna kusunga batire. Lowani m'zokonzera batire, mulole pulogalamu ya wotchi yanu, kaya ndi Mi Fitness, Zepp, Huawei Health kapena Garmin Connect, kuti isamatsekedwe. Chachiwiri, timasipika tambiri timagona tikakhala chete mphindi zingapo, ndiye mumadina koma osalira, kapena kulira mutadutsa kale. Chachitatu ndi thukuta. Galasi lonyowa silimva chala, ndipo ku Tete thukuta silisowa. Wotchi ya mabatani a m'mbali imaposa ya galasi lokha pa nkhani imeneyi.

Kunena mosabisa, njira ziwirizi ndi za othamanga. Wa njinga kuti adine wotchi ayenera kuchotsa dzanja limodzi pa chiwongolero n'kupinda linalo, pa nthawi yomwe manja onse akufunika pa mabuleki. Belu lachitsulo limalizidwa ndi chala chachikulu dzanja lili pomwepo, silifuna kutchaja, ndipo okonza njinga pamsika uliwonse ali nalo pa mtengo wosafika ngakhale wa lamba wa wotchi. Gulani belu. Wothamanga amene safuna kuvutika ndi masipika angakoleke makiyi awiri atatu pa lamba kuti aziti ngwerengwere, anthu azimva kuti kukubwera munthu.

Kuwala

Mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi m'chigwa chonse cha Zambezi, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40. Palibe amene amathamanga masana. Anthu amatuluka mbandakucha kapena dzuwa litapendeka, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi limakhala litalowa kale cha m'ma 17:30. Kumtunda, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, vuto ndi nkhungu ya m'mawa m'nyengo yozizira, pomwe anthu amakhalanso atafunda zitenje ndi zipewa mpaka m'makutu. Malo onsewa kuwala kumachenjeza bwino kuposa phokoso, chifukwa munthu amaona chithunzithunzi chake chikutalika patsogolo n'kudziwa kuti kumbuyo kukubwera china.

Apa wotchi imagwira ntchito ndithu. Garmin Fenix 7X ndi Instinct 2X zili ndi tochi yeniyeni kumutu kwake, yomwe ingathe kuphethira, ndipo pa Fenix 7X mungaiike kuti iziwala zoyera mkono ukamapita kutsogolo ndi zofiira ukamabwerera. Apple Watch imasandutsa galasi lonse kukhala tochi, yoyera, yophethira kapena yofiira. Mawotchi otchipa ambiri nawo ali ndi batani la tochi lowalitsa galasi. Yatsani musananyamuke, ndipo tembenuzani wotchi kuti kuwala kuziloza kutsogolo ndi pansi, osati kumaso kwanu. Valani kudzanja lomwe lili mbali ya magalimoto.

Kuwala kumeneku ndi kwakuti muoneke, si kounikira njira. Wa njinga akufunika nyale yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo. Yakutsogolo iweramitseni kuti iziunika pansi mamita ochepa patsogolo pa tayala. Nyale yophethira yolunjika m'maso imachititsa khungu amene akubwera, ndipo munthu wothobwa m'maso amangoima pakati pa njira.

Tochi imadya batire msanga, makamaka GPS ikuyakanso. Musatuluke ndi batire lochepera theka.

Makutu anu

Simungachenjeze ena inuyo muli wogontha. Mahedifoni otseka makutu onse awiri asiyeni kunyumba. Ngati nyimbo simungathe kuzisiya, valani khutu limodzi, lomwe lili kutali ndi magalimoto, kapena gulani aja okhala pa fupa la patsogolo pa khutu, monga a Shokz, amene amasiya khutu lotseguka. Pa msewu wa Tete kupita ku Zóbuè pamadutsa mathiraki aatali, ma chapa amaima paliponse pomwe aona munthu, ma txopela (njinga zamoto zonyamula anthu) amakhota osapereka chizindikiro. Mukamapatukira munthu woyenda pansi mumalowa pang'ono mumsewu, ndiye muyenera kudziwa chomwe chili kumbuyo kwanu musanatero. Pali kachipangizo ka Garmin kotchedwa Varia, komangirira pansi pa chishalo, kamene kamaona galimoto ikadali mamita pafupifupi 140 n'kuuza wotchi. Amene angakwanitse agule, koma acheukebe.

Podutsa munthu

Kuno magalimoto amayenda kumanzere. Wa njinga akhale kumanzere, ndipo podutsa munthu adzere kudzanja lamanja la munthuyo. Wothamanga pa msewu wopanda kanjira ka m'mbali athamange kumanja, moyang'anizana ndi magalimoto, kuti aziona chomwe chikubwera.

Dongosolo lake ndi ili. Chepetsani liwiro poyamba. Lizani belu kawiri mukadali patali. Dikirani chizindikiro chakuti wamva: kucheuka, kusuntha, kukoka mwana. Ngati palibe, lankhulani. Ngati palibebe, fikani pa liwiro la munthu woyenda ndipo mudutse motalikira, mita imodzi kapena kuposa. Belu si lamulo loti munthu achoke, ndipo akapanda kupatuka mlandu ukadali wanu.

Mawu ake akhale aulemu ndi aafupi. “Zikomo amayi, njinga!” “Odi agogo, ndidutse nawo.” “Achimwene, ndikudzera kumanja kwanu.” Mumzinda wa Tete, komwe ambiri amalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi, “Com licença!” imamveka kwa aliyense. Koma musadalire kwambiri kutchula mbali. Munthu wodzidzimuka akamva kuti “kumanja” nthawi zambiri amadumphira kumanjako. Ndi bwino kumusiya asankhe yekha, inu mudzere kumene wasiya. Mukadutsa nenani zikomo. Mawa mudzadutsanso pomwepo.

Anthu sapatuka mofanana, ndiye phunzirani kuwawerenga. Mayi wosenza ndowa ya madzi kapena mtolo wa nkhuni satembenuza khosi, amatembenuka thupi lonse, ndipo nkhunizo zimasesa mbali zonse ziwiri. Muchenjezeni kutali kwambiri, kapena musamuvutitse n'komwe, ingomulambalalani patali. Ana a sukulu akamva belu amamwazikana ngati anapiye aona mphamba, ndipo nthawi zonse pamakhala mmodzi amene amawoloka mochedwa kutsatira anzake. Kwa ana chepetsani liwiro ngati muima. Okalamba ambiri samva phokoso lopyapyala ngati la wotchi, koma mawu a munthu amawamva. Wachinyamata wovala mahedifoni samva chilichonse, ndipo woledzera amamva koma miyendo imapita kwina. Mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zokoka ngolo sizidziwa belu, ndipo kulira kwachilendo kwa sipika kungathe kudzidzimutsa ng'ombe ngolo ili yodzaza ndi kachewere. Lankhulani ndi woyendetsa ngoloyo.

Kumene simuyenera kuliza kanthu

Mukaona masamba atayalidwa pamsewu, pali maliro. Zimitsani sipika ndi nyimbo, tsikani panjinga, muikankhe mpaka mutapyola masamba a mbali inayo. Wothamanga ayende. Chimodzimodzi mukakumana ndi anthu onyamula maliro. Mukakumana ndi gule wamkulu, monga zimachitikira m'midzi ya ku Angónia, Macanga ndi Chifunde, patukani ndinu, muime pambali, ndipo tochi yophethira ija muizimitse.

Tsiku la msika, kaya ndi ku Ulongwe, ku Domwe kapena pa malire a Calómuè, belu limasanduka phokoso wamba pakati pa maphokoso ena. Tsikani mukankhe, kapena sinthani njira tsiku limenelo. Pa mlatho wa Samora Machel, wolumikiza mzinda ndi Matundo, tinjira ta m'mbali ndi topapatiza ndipo m'mawa ndi madzulo timadzaza ndi anthu opita ndi kuchokera kuntchito. Kuchoka pomwe mlatho wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014, mathiraki ambiri amadzera kumeneko, koma anthu oyenda pansi sanachepe. Munthu pamenepo alibe kothawira, mbali ina ndi chitsulo, mbali ina ndi magalimoto. Wolokani pa liwiro la amene ali patsogolo panu.

Chimene chimapangitsa anthu kukana kutsika ndi wotchi yomweyo. Amaopa kuti nambala ya liwiro la tsikulo itsika, anzawo a pa Strava, pulogalamu yoonetserana maulendo othamanga ndi opalasa njinga, awaseka. Yatsani Auto Pause kuti wotchi iziima yokha mukaima, kapena dinani batani loimitsira musanalowe pamsika, n'kuyambiranso mukatuluka. Ngati mukufuna kuyesa mphamvu zanu, pitani pa bwalo la mpira kapena pa msewu wopanda nyumba m'mbali.

Zikavuta

Mukagunda munthu, imani. Muoneni kaye iyeyo, njinga ndi wotchi pambuyo. Ngati wamenyetsa mutu, akudandaula khosi kapena msana, musamudzutse mokoka, itanani anthu ndi galimoto yopita naye kuchipatala. Mawotchi ena a Garmin, Apple ndi Samsung amatha kuzindikira kuti mwagwa n'kutumiza uthenga ndi malo amene muli kwa abale omwe munawalemba. Izi zimatheka pokhapokha mutalemberatu manambalawo, foni ili pafupi, ndipo netiweki ilipo. M'madera ena a kumapiri netiweki ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel imaduka, choncho uzani wina wa pakhomo njira imene mwatenga ndi ola lobwerera.

Kusamala zipangizo

Apple imati mafoni ake ndi mawotchi ake ambiri azigwira ntchito pa kutentha kosapyola madigiri 35. Foni yomangirira pa chiwongolero padzuwa la ku Tete imatentha, imadzichepetsera kuwala, mwinanso kuzima, ndipo belu lanu la mu foni limathera pomwepo. Isungeni m'kachikwama, ndipo musaitchaje ikadali yotentha. Fumbi ndi mchere wa thukuta zimatseka timabowo ta sipika ya wotchi. Pukutani ndi kansalu konyowa mukafika kunyumba, osatokosa ndi singano. Belu lachitsulo nalo lidonthezereni mafuta pang'ono pa kasipulingi nyengo ya mvula ikamayamba, ndipo musanatuluke pa geti lizani kamodzi, dinani batani la wotchi kamodzi, finyani mabuleki onse awiri.